Kutopa kosatha sikuchizika ndi chakumwa chofiira

Munthu akangodandaula kuti akungotopa, masana akuwodzera pamene usiku wagona, a kunyumba amakhala atapeza kale matenda: "Magazi achepa." Amugulira Sobo wofiira, amuwiritsira masamba a mapeyala, nkhani yatha. Soboyo ndi madzi a shuga ndi utoto basi, sasanduka magazi. Nanga ngati akufooka chifukwa cha matenda a shuga, mwamuthandiza chiyani?

Kuchepa kwa magazi timachita kuyeza. Kubaya chala kamodzi, Hb (muyeso wa kuchuluka kwa magazi) yadziwika: ikatsika pa 13 kwa bambo, pa 12 kwa mayi, pa 11 kwa woyembekezera, achepadi. Funso lotsatira ndi lakuti akupita kuti. Malungo amaswa maselo ofiira, njoka za m'mimba zimayamwa, likodzo la anthu a kunyanja ngati ku Mangochi ndi Nkhotakota limawataya m'mkodzo, msambo wopitirira masiku 7 nawo umamaliza mayi.

Amene amandidetsa nkhawa kwambiri ndi bambo wopitirira zaka 50. Iyeyu sasamba mwezi ndi mwezi, ndiye magazi akachepa n'kutheka kuti penapake pakudontha. Nthawi zambiri wakhala akumwa bufeni kapena asipirini wa msana tsiku ndi tsiku, m'mimba mwachita chilonda, chimbudzi chili bii ngati phula koma sauza munthu. Kwa ena ndi khansa ya m'matumbo. Miyezi imathera kwa ogulitsa mabotolo a "kutsuka m'thupi", akamafika kuchipatala n'kuti akupuma wefuwefu, wofunika kumuika magazi.

Mapiritsi a ayironi, oonjezera magazi aja, nawo amadetsa chimbudzi, choncho nenani mmene chimaonekera musanayambe kumwa. Musamwere tiyi chifukwa amatsekereza ayironi kulowa m'thupi, ndipo pitirizani miyezi 3 Hb itabwerera m'malo.

Hb ikapezeka bwino, musabwerere kunyumba. Yezetsani shuga musanadye kanthu, makamaka ngati mukumva ludzu n'kumakodza pafupipafupi usiku. Yezetsani HIV, komanso TB ngati mukuonda ndi kutuluka thukuta usiku. Piritoni amagonetsa, mowa wa madzulo umawononga tulo. Amayi, ngati amuna anu amaliza mkonono kenako kuti zii masekondi 10 kapena kuposa, n'kudzidzimuka ngati atsamwa, mpweya ukutsekeka pakhosi. Ngati ali dalaivala, asagwire chiwongolero mpaka ataonana ndi dokotala.

Kutopa kukatha masabata awiri, pitani kuchipatala. Kukabwera ndi phuma, mtima kuthamanga, kutupa miyendo kapena kukomoka, pitani lero lomwe.