Chenjezo la namondwe likaperekedwa, ndani amachita chiyani mu Blantyre? Mafunso ndi mayankho

Kodi ntchito yothana ndi ngozi zanyengo ili m'manja mwa ndani?

Ili m'manja mwa magulu atatu. Nthambi yoona zanyengo, yomwe likulu lake lili mu Blantyre mommuno, ndiyo imayeza ndi kulosera mvula. Nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA imalumikizanitsa ntchitoyi m'dziko lonse ndi kutumiza thandizo. Khonsolo ya mzinda ndiyo ili pafupi ndi anthu, kudzera m'makomiti a m'mawodi omwe amagwira ntchito ndi makhansala ndi mafumu. Kumadera a mafumu aakulu monga kwa Kapeni, kwa Machinjiri ndi kwa Somba, makomitiwa ali pamudzi ndi padera la mfumu yaikulu, pansi pa khonsolo ya boma la Blantyre.

Lamulo lake ndi liti?

Kwa zaka zoposa 30 tinkayendera lamulo la 1991, lomwe linabwera napolo atasesa anthu ku Phalombe chaka chomwecho. Linkatsindika za kupereka thandizo ngozi itachitika kale. Mu 2023 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano lomwe latsamira pa kuchepetsa chiopsezo ngozi isanagwe.

Nanga bwanji namondwe wa Freddy anapha anthu ambiri chonsecho chenjezo linaperekedwa?

Funso lalikulu ndi limeneli. Mu Malichi 2023 a zanyengo analengeza za namondweyu masiku angapo asanafike, pa wailesi ndi pa mafoni. Komabe m'dziko muno anthu oposa 600 anamwalira, oposa 500 sanapezeke, ndipo oposa 650,000 anasowa pokhala. Ku Chilobwe ndi ku Manja matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba.

Vuto linali pakati pa wailesi ndi khomo la munthu. Uthenga wakuti "kugwa mvula yamphamvu m'chigawo cha kummwera" suuza mayi wa m'munsi mwa phiri kuti achoke liti, adzere njira iti, akagone kuti, ndiponso katundu wake asiyire ndani. Ambiri amakakamira m'nyumba poopa akuba, ndipo mantha amenewo ndi omveka. Kuwonjezera apo, anthu a mumzinda ankaona ngati kusefukira kwa madzi ndi nkhani ya ku Nsanje ndi ku Chikwawa. Dziko limakhala ndi kuthekera kolimbana ndi kusintha kwa nyengo pokhapokha chenjezo likamafika pa nyumba yomaliza ya kumtunda kwa phiri lili ndi malangizo omveka.

Komiti ya m'dera iyenera kukhala itakonza chiyani mvula isanayambe?

Pofika Okutobala, ulosi wa mvula ya chaka chimenecho umakhala utatuluka. Komiti iufunse ku khonsolo, kenako iyende m'dera lonse wapansi n'kujambula mapu osonyeza nyumba zomwe zili m'mbali mwa Mudi, Nasolo, Naperi kapena Likhubula, ndi zomwe zili pamalo otsetsereka a Soche, Ndirande, Bangwe ndi Mpingwe. Ilembe mayina a okalamba, aulumali, amayi oyembekezera ndi odwala, ndipo aliyense akhale ndi munthu wodziwika womunyamula. Igwirizane ndi mphunzitsi wamkulu kapena abusa za malo othawirako, idziwe wosunga makiyi, ione ngati zimbudzi ndi madzi zingakwanire. Izi musazipeputse, chifukwa Freddy anatipeza tili kale pa mliri wa kolera. Pakhale wezulo kapena chimkuzamawu chokhala ndi mabatire, poti magetsi ndi netiweki zimazima nthawi yomwe zikufunika kwambiri. Ngalande ndi makalavati zichotsedwe zinyalala, ndipo anthu ayeserere kuthawa kamodzi kusanagwe mvula.

Chomwe chimapha makomiti ambiri n'kusankhidwa pa nthawi ya pulojekiti ya bungwe. Pulojekiti ikatha, alawansi ikasiya, mamembala amabalalika, manambala a foni n'kukhala akale.

Akati kugwa mvula ya mamilimita 50, akutanthauza chiyani?

Milimita imodzi ndi lita imodzi ya madzi pa malo otalika mita imodzi, m'lifupinso mita imodzi. Denga la mamita 10 kwa 6 limalandira malita 3,000 pa mvula ya mamilimita 50, omwe ndi migolo 15 ya malita 200. Paphiri lopanda mitengo madzi onsewo amathamangira kwa wokhala kumunsi. Mvula yotere ikabwereza masiku angapo, dothi limakhuta n'kugumuka. Mukaona ming'alu pansi kapena pakhoma, mitengo ndi mapolo zikupendekeka, madzi amatope akutumphuka pomwe panalibe kasupe, kapena mukamva mkokomo kuphiri, chokani nthawi yomweyo, cham'mbali, osati kutsika ndi khwawa.

Ngozi ikachitika, thandizo limafika bwanji?

Komiti imalemba mabanja okhudzidwa ndi zomwe zawonongeka, khonsolo imatsimikiza n'kutumiza lipoti ku DoDMA, ndipo kumeneko kumachokera chimanga kapena ufa, nyemba, mabulangete, zidebe ndi mapepala ofolera. Zikafika poposa mphamvu za boma, mtsogoleri wa dziko amalengeza kuti dera lili pa ngozi, monga anachitira Lazarus Chakwera, yemwe anali Pulezidenti pa nthawiyo, pa 13 Malichi 2023. Chomwe chimachedwetsa thandizo ndi kaundula wokayikitsa: mayina obwereza, achibale osakhudzidwa, alendi oiwalidwa chifukwa amene analembedwa ndi eni nyumba okha. Muwerengeni poyera asanatumizidwe.

Ndalama zakunja za kusintha kwa nyengo zimapita kuti?

Zambiri zimadzera m'mabungwe ovomerezeka ndi eni thumba. Pulojekiti ya M-CLIMES, yomwe inayamba mu 2017 ndi ndalama za thumba la Green Climate Fund kudzera ku UNDP, nthambi ya United Nations yoona zachitukuko, inaika makina oyezera nyengo ndi kuchuluka kwa madzi m'mitsinje. Makina otere amafuna mabatire, amisiri ndi mafuta a galimoto chaka ndi chaka, ndipo zimenezi zimayenera kuchokera m'bajeti ya boma. Funsani khansala wanu kuti khonsolo yaika ndalama zingati zokonzekera ngozi chaka chino, ndipo ndi zingati zomwe zafika ku komiti ya wodi yanu.