Mukadzipeza mukumufunira zabwino wakupha

Mayi wina, mphunzitsi wa Chingerezi pasekondale, anali atafika kale pakhomo la chipinda chomwe ndimaperekeramo uphungu pamene anatembenuka n'kutulutsa buku m'chikwama. "Bambo, ndifunseko china. Kodi munthu wamutu wabwino angamufunire zabwino wakupha? Usiku wonse mtima unali m'mwamba, kuopa kuti apolisi amugwira mnyamatayu." Bukulo linali The Talented Mr. Ripley la Patricia Highsmith wa ku America, lomwe linatuluka mu 1955. Magazi m'bukumo ndi ochepa. Chimene chinawasowetsa tulo mayiwo ndi zomwe mtima wawo unachita.

Tom Ripley ndi mnyamata wosauka wa ku New York, wodyera bodza ndi kachinyengo ka apa ndi apo. Bambo wina wolemera, mwini kampani yokhoma maboti, amutuma ku Italy kuti akanyengerere mwana wake Dickie Greenleaf kubwerera kwawo. Tom atafika asirira moyo wa mnzakeyo mpaka kufuna kukhala iyeyo. Tsiku lina ali awiriwiri m'kabwato kufupi ndi San Remo, amumenya ndi nkhafi m'mutu, namiza mtembo, n'kuyamba kusaina dzina la Dickie ndi kudya ndalama zake.

Luso la wolemba lagona pa malo amene watikhazika. Watitsekera m'mutu mwa Tom, ndipo chimene Tom sakuchiona ifenso sitichiona. Tisanafike pa nkhafi ija timakhala tayenda naye mtunda wautali. Tadziwa kuti makolo ake anamira m'madzi ku Boston iye ali mwana, ndipo analeredwa ndi mayi wina wachibale wapakamwa polasa. Tamuona ali m'chipinda cha Dickie, atavala zovala za mwini wake, akudziyang'anira pagalasi ndi kuyesera kuyankhula ngati iye, mwadzidzidzi mwini zovala tulukiru pakhomo. Manyazi amenewo ndani sawadziwa? Aliyense amene anapitapo ku ukwati ndi jekete yobwereka, akudziwa kuti mwini wake alinso pompo, thupi lake likukumbukira. Chifundo chathu chimalowera pabala limenelo, ndipo chikalowa sichituluka msanga ngakhale munthuyo atasamba m'magazi.

Ndiye pamene Tom wapha munthu wachiwiri, Freddie Miles, mnzake wa Dickie, ku Rome, n'kumatsika ndi mtembo pamasitepe ngati akuthandiza mnzake woledzera, wowerenga amagwira mpweya kuopa kuti wina atsegula chitseko. Mu ubongo muli kachigawo kotchedwa amygdala komwe kamachenjeza za ngozi, thupi n'kutulutsa michere yotchedwa adrenaline, mtima n'kuyamba kuthamanga, m'manja thukuta. Zonsezi zimachitika tisanapeze mpata wofunsa ngati woopayo ali wolakwa kapena wosalakwa. Kuweruza kumafika pambuyo, ndipo kukafika kumapeza thupi litasankha kale mbali. Kusowa mtendere kumene mayi aja anamva kunachokera pa mkangano wa ziwirizi.

Nanga bwanji sitingolitaya bukulo? Katswiri wa zamaganizo Paul Rozin wa ku University of Pennsylvania anafufuza kwambiri za tsabola. Lilime limati likupsa, misozi ili chuchuchu, koma munthu akudziwa kuti savulala, ndipo kudziwa kumeneko kumasandutsa ululu kukhala chokoma. Wokonda kambuzi safuna kumufotokozera zambiri. Buku loopsa limagwira ntchito chimodzimodzi, mantha ndi enieni koma munthu uli pakama pako.

Ndinawauza mayiwo kuti kusowa tulo kwawo ndi umboni wakuti chikumbumtima chili moyo. Katswiri wina wa zamaganizo, Robert Hare wa ku Canada, anakonza mndandanda wa zizindikiro 20 zopimira anthu ouma mtima amene pa Chingerezi amatchedwa ma psychopath, ndipo mwa izo muli kusamva chisoni pa zoipa zimene wachita komanso kusamva ululu wa mnzako. Tom amaopa kugwidwa kwambiri kuposa kulira maliro a Dickie. Maliro amenewo wolemba wamusiyira wowerenga kuti awasenze yekha, ndipo wachita dala.

Ife tinakulira nthano zomwe Fisi wadyera amalandira chilango nkhani isanathe. N'zoona kuti Kalulu timamuombera m'manja akapusitsa anzake, choncho kukonda wochenjera si kwachilendo kwa ife, koma Kalulu samiza mnzake m'nyanja kuti avale malaya ake. Highsmith watenga chikondi chimenecho n'kuchifikitsa pamene sitinkafuna kufika.

Ine ndimalilemekeza buku lotere chifukwa cha zomwe ndimamva pantchito. Anthu amene anavulaza anzawo sabwera ndi nyanga. Amayankhula ngati Tom, pang'onopang'ono, chiganizo chilichonse chikumveka chanzeru: anandinyoza, anali nazo zambiri, akanandiulula, ndikanatani? Munthu amene wamvapo mawu amenewa kuchokera m'kati, n'kuona momwe anamukokera, amawazindikira msanga akawamva kwa bwenzi, kwa bwana, kapena mwa iye mwini pamene nsanje yamugwira.

Pali kusautsika kwina komwe sindikulimbikitsa kupirira. Ngati munachitiridwapo nkhanza ndipo tsamba lina lakubwezerani ku tsiku lenilenilo, mukumva fungo lake, mukunjenjemera, maloto oipa akubwerezabwereza kwa masiku angapo, limenelo ndi bala lomwe latsegukanso. Tsekani bukulo ndipo kambiranani ndi munthu amene mumamukhulupirira kapena mlangizi kuchipatala. Palibe amene muli naye ngongole yoti mulimalize.

Mayi aja anamaliza lawo. Kumapeto Tom atsika sitima ku Greece n'kuona apolisi ataima padoko, ayenda molunjika kwa iwo akudziwa kuti zake zada, koma iwo osamulabadira n'komwe. Posakhalitsa alandira kalata yoti chuma cha Dickie ndi chake, chifukwa cha wilo yomwe anapeka yekha. Mayiwo anandiuza kuti pamenepo anausa moyo, mapewa n'kugwa, kenako anadzuka kukaona ngati chitseko chakumaso chinali chokhoma.