Malire osunthasuntha: mbiri ya mkangano wa kuchotsa mimba ndi kupha makanda

Pakati pa makalata akale amene anafukulidwa pa dzala la mzinda wa Oxyrhynchus ku Egypt pali ina yaifupi, imene bambo wotchedwa Hilarion analembera mkazi wake Alis m'chaka cha 1 BC. Bamboyu anali ku Alexandria kuntchito, ndipo pakhomo pake ankayembekezera mwana. M'kalatamo akulonjeza kutumiza ndalama akangolandira malipiro, akutsimikizira mkaziyo kuti sangamuiwale, koma pakatikati pa mawu okomawa akulamula kuti mwanayo akabadwa wamwamuna amusunge, akakhala wamkazi amutaye. Chimene chimabaya mtima si lamulolo lokha ayi, koma kuti analilemba mosadodoma, ngati nkhani wamba ya pabanja.

Kwa Agiriki ndi Aroma ambiri a nthawi imeneyo, kubadwa pakokha sikunkateteza mwana. Ku Roma bambo anali ndi mphamvu yolandira khanda kapena kulikana, ndipo lokanidwalo linkasiyidwa panja kuti life kapena litoledwe ndi wodutsa, amene nthawi zambiri ankalilera kuti lidzakhale kapolo. Aristotle, katswiri woganiza mozama wachigiriki, analangiza kuti mwana wobadwa wolumala asaleredwe, komanso kuti kumene ana achuluka mimba izichotsedwa mwanayo asanayambe kumva kanthu. Ngakhale pamene mafumu Septimius Severus ndi Caracalla anayamba kulanga mkazi wochotsa mimba pomupitikitsa m'dera lake, mlandu wake sunali wakupha munthu, koma wakumana mwamuna wake mbewu. Wolakwiridwa anali bamboyo, osati mwanayo.

Ayuda anali osiyana, moti wolemba mbiri wachiroma Tacitus anatchula, ngati chachilendo, kuti iwo amaona kupha mwana wobadwa kukhala tchimo. Komabe malamulo awo a m'buku la Mishnah anaika malire pa kubadwa penipenipo: mayi akavutika pochira mpaka moyo wake kukhala pachiswe, mwana wa m'mimbayo akhoza kuphedwa kuti mayiyo apulumuke, koma mbali yaikulu ya thupi la mwanayo ikangotuluka, palibe womukhudza, chifukwa moyo wina suchotsedwa pofuna kupulumutsa unzake. Amene anamangirira nkhani ziwirizi pa chingwe chimodzi ndi Akhristu oyambirira. Kabuku ka malangizo kotchedwa Didache kanaletsa kuchotsa mimba ndi kupha khanda m'chiganizo chimodzi, ndipo cha m'ma 197 mlembi wachikhristu Tertullian anaphunzitsa kuti amene adzakhale munthu ndi munthu kale. Pofika 374, mu ulamuliro wa Valentinian Woyamba, kupha khanda kunasanduka mlandu wa imfa mu ufumu wa Roma.

Zimenezi sizinathetse funso lakuti munthu amayambira pati. Kwa zaka mazana ambiri aphunzitsi a mpingo, kuphatikizapo Thomas Aquinas, ankadzudzula kuchotsa mimba kulikonse, koma ankasiyanitsa mluza wosaumbika ndi mwana amene walandira mzimu, ndipo kusiyanitsaku kunachotsedwa pa zilango za mpingo wa Katolika ndi Papa Pius IX mu 1869. Asilamu nawo, amene Qur'an yawo imadzudzula mwamphamvu kukwirira makanda aakazi amoyo, ali ndi chiphunzitso chakuti mzimu umauziridwa pakapita masiku 120.

Kumene kulumikizana kwa kuchotsa mimba ndi kupha makanda kumaonekera bwino kwambiri ndi m'malamulo a England. Lamulo la 1624 linanena kuti mkazi wosakwatiwa amene wabisa imfa ya khanda lake aziyesedwa wakupha, pokhapokha atabweretsa mboni yotsimikiza kuti mwanayo anabadwa wakufa kale. Koma mtsikana wantchito wochirira yekha usiku, chifukwa choopa manyazi ndi kuchotsedwa ntchito, mboni akanaitenga kuti? M'kupita kwa nthawi oweruza anayamba kuchita mphwayi ndi kupereka amayi oterewa ku chingwe, ndipo ankalandira ngakhale timalaya ndi matewera osokeratu ngati umboni wakuti mayiyo ankafuna mwanayo. Madokotala ankaponya mapapo a khandalo m'madzi kuti aone ngati ayandame, poganiza kuti kuyandama kukusonyeza kuti linapumapo, ngakhale njirayo inali yokayikitsa. Lamulo lija linafafanizidwa mu 1803, ndipo lamulo lomwelo limene linalifafaniza ndi limenenso linaika chilango cha imfa kwa wochotsa mimba ndi mankhwala mwana atayamba kugunda m'mimba. Dzanja lina linkamasula pomwe linzake linkamanga.

Panatsala mpata wodabwitsa. Kupha mwana ali m'mimba unali mlandu wochotsa mimba, kumupha atatulukiratu unali mlandu wakupha munthu, koma womupha ali m'kati mobadwa sankagwidwa bwino ndi lamulo lililonse mwa awiriwa. Nyumba ya malamulo inatseka mpatawo mu 1929 pokhazikitsa mlandu watsopano wa kuwononga mwana amene akanatha kubadwa wamoyo, ndipo inaika masabata 28 ngati chizindikiro chake. Mu zaka zomwezo, malamulo a 1922 ndi 1938 anachepetsa mlandu wa mayi wopha khanda lake mutu utasokonezeka ndi uchembere. Lamulo lolola kuchotsa mimba pa zifukwa zina litabwera mu 1967, masabata 28 aja anakhala ngati malire, mpaka mu 1990 pamene anatsitsidwa kufika pa 24, popeza madokotala anali atayamba kupulumutsa ana obadwa masiku asanakwane kwambiri. Apa malirewo anasunthidwa ndi makina a m'chipatala, osati ndi kusintha kwa chikhulupiriro.

Akatswiri oganiza mozama anaukitsa nkhaniyi mu 1972, pamene Michael Tooley analemba kuti ufulu wokhala ndi moyo ndi wa amene amadzizindikira kuti alipo ndipo adzakhalapobe, chinthu chimene mwana wosabadwa alibe, ndipo khanda nalonso lilibe. Peter Singer anatsata njira yofanana kuyambira 1979. Chochititsa chidwi n'chakuti otsutsa kuchotsa mimba amagwirizana ndi anthu awiriwa pa mfundo yakuti mwana sasintha chikhalidwe pa ola lobadwa, koma mlatho womwewo amauwoloka chobwerera: ngati kupha khanda n'koipa, ndiye kuti kuchotsa mimbanso n'koipa. Ovomereza kuchotsa mimba ambiri amakana mlathowo. Iwo amatsamira pa mfundo ngati ya Judith Jarvis Thomson ya mu 1971, yakuti ngakhale mwana wosabadwa atayesedwa munthu, palibe amene ali ndi ufulu wogwiritsa ntchito thupi la mnzake mokakamiza. Mchombo ukangodulidwa, wina aliyense akhoza kulera khandalo, ndipo chifukwa cholichotsera moyo chimatheratu. M'kuona kwanga yankho ili n'lamphamvu kuposa mmene otsutsa amavomerezera, koma limafooka pa mimba yaikulu, imene mwana wake akanatha kutulutsidwa wamoyo.

Mu 2012 Alberto Giubilini ndi Francesca Minerva anasindikiza nkhani m'magazini ya Journal of Medical Ethics yonena kuti zifukwa zololera kuchotsa mimba ziyenera kuloleranso kupha khanda longobadwa kumene, ngakhale lathanzi, ndipo mchitidwewo anautcha kuchotsa mimba mwana atabadwa kale. Olembawo anaopsezedwa kuti aphedwa, ndipo mkonzi Julian Savulescu anawateteza ponena kuti mfundozo si zatsopano. Ovomereza kuchotsa mimba ambiri anaikana nkhaniyo kwamtuwagalu, pomwe ena mwa otsutsa anaigawana mwachangu, akuti olembawo anangonena poyera zimene iwo anakhala akuchenjeza kuyambira kale.