BOQ yotuluka pa kompyuta imathanso kutaya mawindo onse

Mawu akuti "kompyuta ndiyo yawerengera, ndiye palibe cholakwika" akuwonongetsa ndalama za anthu ambiri kuno ku Dedza, ndipo ndatopa nawo.

Mu Revit kapena ArchiCAD, mapulogalamu ojambulira mapulani a nyumba pa kompyuta, khoma ndi windo lililonse limanyamula miyeso yake komanso zopangira zake. Mitengo ya simenti, malata ndi mafulemu imasungidwa kwina, mu database (nkhokwe ya matebulo pa kompyuta) kapena mu Excel. Query ya SQL, lamulo lolembedwa lofunsira database, ndiyo imakumanitsa ziwirizi kuti BOQ, mndandanda wa zipangizo ndi ntchito zonse zomangira pamodzi ndi mitengo yake, ituluke. Nzeru yake ndi yabwino: kwacha ikagwa, ngati mmene inatsitsidwira ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mumangosintha mtengo wa thumba la simenti la makilogalamu 50 pamalo amodzi, nyumba yonse n'kuwerengedwanso.

Vuto lili pamfundo yomangirira pulani ndi mitengo. Tiyerekeze buloko ya makalasi awiri ku Bembeke, ya mawindo 16. Wojambula walemba kodi ya windo kuti W-01, wosunga mitengo walemba W01. Kwa munthu n'chinthu chimodzi, kwa database ayi. Query ikagwiritsa ntchito INNER JOIN, njira imodzi yolumikizira matebulo awiriwa, mzere wosapeza mnzake umatayidwa mwakachetechete, popanda chenjezo. BOQ imatuluka yooneka bwino, mtengo wotsika mosangalatsa, komiti n'kusonkhetsa makolo ndalama zomwezo. Amisiri akafika pa lintala m'pamene zimadziwika kuti mafulemu 16 ndi magalasi ake sanawerengedwe. Ndalama zatha, mabowo atsekedwa ndi masaka, ndipo ana akulemba zala zitauma ndi chisanu cha mu Juni. Izi zimandiwawa chifukwa kuzipewa sikutenga mphindi khumi.

Gwiritsani ntchito LEFT JOIN kuyambira ku pulani, chifukwa iyo imasunga mzere uliwonse wa pulani ngakhale usapeze mnzake, kenako sefani mizere yonse yomwe mtengo wake watuluka NULL, kutanthauza kuti sunapezeke. Pasatsale ngakhale umodzi. Werenganinso chiwerengero: mawindo 16 pa pulani, 16 mu BOQ.

Mitengo imamangidwa pa kodi ya mtundu wa chinthu. Koma mbiri ya chinthu chimodzichimodzi, monga tsiku limene chitseko chinaikidwa, imangidwe pa nambala yakeyake ya chinthucho: GlobalId ya zilembo 22 ya mu IFC (mtundu wa fayilo yosinthanirana mapulani pakati pa mapulogalamu), kapena UniqueId ya Revit. ElementId, nambala ina ya mu Revit, musayidalire, imatha kusintha anthu angapo akamagwira fayilo imodzi. GlobalId imasiyanitsa chilembo chachikulu ndi chaching'ono, pomwe VLOOKUP, fomula ya Excel yofufuzira m'tebulo, sisiyanitsa. Ndipo wina akafufuta khoma n'kulijambulanso, labadwa latsopano, nambala yake yasintha, ulalo waduka.

Miyeso nayo. Mkati mwake Revit imasunga kutalika m'mafiti. Mukakoka kuchuluka kwa konkiriti kudzera mu API (njira imene mapulogalamu ena amatengera zinthu mu Revit) osatembenuza, nambala imakula pafupifupi ka 35 poyerekeza ndi makiyubiki mita.

Tsono chenjerani ndi anyamata a laputopu amene akugulitsa "pulani ndi BOQ" tsiku limodzi pamtengo wa mbuzi. Ambiri amakopera tebulo la mitengo la ntchito ina osaona ngati makodi akugwirizana. Wokugulitsaniyo mufunseni ngati analembetsa ku Board of Architects and Quantity Surveyors, bungwe lolembetsa akatswiri ojambula mapulani ndi owerengera mitengo ya zomangamanga. Mufunseninso kuti mizere ingati inatuluka NULL. Akayamba kukanda m'mutu, tengani pulani yanu mupite kwa wina musanakumbe maziko, chifukwa mvula ikayamba mu Novembala khoma lili pakati, kukonza kwake kumadula kuposa mafulemu aja.