Mphekesera zoti wodzipha anakhwimiridwa ndi m'bale wake

M'magulu a WhatsApp a ku Angónia ndi Tsangano ku Mozambique, munthu wamkulu akadzipha, pamabuka uthenga wakuti mchimwene kapena mlongo wake anamukhwimira kuti alemere. Zimenezi n'zabodza. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti anthu oposa 700,000 amadzipha chaka chilichonse padziko lonse, ndipo kawirikawiri pamakhala matenda ovutika maganizo, ngongole, mowa kapena mikangano ya m'banja, mavuto amene thandizo lake lilipo.

Taganizirani mlongo amene wakhala m'siwa, misozi ili mbwembwembwe, akudzifunsa chifukwa chake sanazindikire msanga, kwinaku anthu akumuloza chala.

Musanakhulupirire, funsani amene wayambitsa uthengawo kuti umboni wake ndi wotani, ndipo za matendawa kafunseni azaumoyo kuchipatala chapafupi. Chonde, uthenga wotere uthere pafoni panu, musautumize kwa ena.