Khoswe wodina batani la kokeni: zomwe amatiuza ndi zomwe sangatiuze

Zambiri zomwe madokotala amadziwa za momwe mankhwala osokoneza bongo amagwirira munthu ukapolo zinapezeka pa makoswe. Njira yodalirika kwambiri ndi yoti khoswe azidzipatsa yekha mankhwalawo, ndipo anaiyambitsa ndi James Weeks ku America mu 1962 pogwiritsa ntchito morphine, mankhwala amphamvu oletsa ululu omwe amasokonezanso bongo.

Khoswe amamugoneka kaye, n'kumulowetsa kapaipi kofewa mumtsempha waukulu wa m'khosi. Kapaipiko kamadutsa kunsi kwa khungu n'kukatulukira pamsana. Bala likapola, patatha pafupifupi sabata, amamuika m'bokosi lokhala ndi mabatani awiri. Akadina loyamba, pampu imathira kokeni pang'ono m'magazi, kawirikawiri theka la miligalamu kapena kuposerapo pang'ono pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, ndipo kanyale kamayaka. Lachiwiri silitulutsa kanthu. Ntchito yake ndi kusiyanitsa khoswe wofunadi mankhwala ndi yemwe akungogunda chilichonse chifukwa kokeni wamupatsa phuma. Batani loyamba lija likangothira, limasiya kugwira ntchito kwa masekondi pafupifupi 20, kuopa kuti nyamayo ingadzipatse mopyola muyezo n'kufa.

Chomwe chimaononga ntchitoyi kawirikawiri ndi kapaipi. Magazi akaundana mkati mwake, mankhwala safikanso m'thupi, ndiye khoswe amadina mokalipa kwa kanthawi kenako n'kuleka. Wofufuza wosasamala angalembe kuti chibaba chatha pomwe vuto ndi paipi yotsekeka. N'chifukwa chake tsiku ndi tsiku amakatsuka ndi madzi amchere osakaniza heparin, mankhwala oletsa magazi kuundana, ndipo nthawi zina amakayesa pothiramo methohexital, mankhwala ogonetsa msangamsanga. Ngati kali bwino, khoswe amalefuka m'masekondi ochepa. Akapanda kulefuka, zotsatira zake zimachotsedwa.

Komatu kudina batani sikutanthauza kuti khoswe wagwidwa ndi chizolowezi. Pafupifupi khoswe aliyense amaphunzira kudina. Mu 1998, Serge Ahmed ndi George Koob anaonetsa kuti makoswe opatsidwa ola limodzi patsiku amatenga kokeni wofanana tsiku lililonse, pomwe opatsidwa maola 6 amanka nawonjezera. Mu 2004, ofufuza a ku Bordeaux ku France anatsatira makoswe kwa miyezi itatu akuyang'ana zinthu zitatu zofanana ndi zomwe dokotala amafunsa wodwala: kodi akudinabe pomwe chizindikiro chikuonetsa kuti mankhwala palibe, kodi akulolera kudina kambirimbiri kuti apeze kadontho kamodzi, ndipo kodi akupitiriza ngakhale kudinako kukubwera ndi kunyanyulidwa ndi magetsi kumapazi. Makoswe osakwana 20 pa 100 aliwonse ndi amene anaonetsa zonse zitatu. Kwa anthu zilinso chimodzimodzi: ambiri olawa kokeni sakodwa.

Pali funso lina lomwe linachedwa kufunsidwa. Khoswe ali yekhayekha m'bokosi lopanda chochita china, angatani kupatula kudina? Mu 2007 Ahmed ndi anzake anapatsa makoswe mwayi wosankha pakati pa kokeni ndi madzi otsekemera a saccharin, ndipo 94 pa 100 aliwonse anasankha madziwo. Mu 2018 Marco Venniro ndi Yavin Shaham ku Baltimore anaika batani lotsegula chitseko kuti khoswe akumane ndi mnzake. Pafupifupi onse anasiya heroin ndi methamphetamine n'kusankha mnzawoyo. Tikuona kuti kafukufuku wosapatsa nyama chosankha china amakokomeza mphamvu ya mankhwala. Koma pasakhale wonena kuti shuga kapena kucheza kumachiza munthu, chifukwa khoswe amalandira mphotho yake pomwepo, pomwe munthu wosiya mankhwala amadikira miyezi kuti banja ndi ntchito zibwerere m'malo.

Kuyambiranso mankhwala pambuyo posiya kumayesedwa motere: amazimitsa pampu mpaka khoswe ataleka kudina, kenako amayatsa kanyale kaja, kapena kumupatsa kadontho kamodzi, kapena kumusautsa pang'ono. Chilichonse mwa zitatuzi chimamubwezera ku batani. Mu 2001 zinapezekanso kuti kanyaleko kamakoka khoswe kwambiri patatha miyezi iwiri chisiyireni kuposa tsiku loyamba, zomwe zimathandiza kumvetsa chifukwa chake munthu amagwanso atakhala nthawi yaitali osalawa.

Si zonse zotheka pa khoswe zomwe zimathekanso pa munthu. Naltrexone, mankhwala otchinga mphamvu ya morphine ndi heroin mu ubongo, anachepetsa kumwa mowa pa nyama, ndipo dziko la America linamuvomereza kuthandiza anthu ovutika ndi mowa mu 1994. Koma pexacerfont ndi verucerfont, mankhwala otseka njira ya nkhawa mu ubongo, ochokera m'gulu lomwe linkaletsa bwino makoswe osautsidwa kubwerera ku mowa, atayesedwa pa anthu sanachepetse chibaba.