Wophunzira kusula ayambe waphunzira kuona moto

Mnyamata aliyense wobwera pachipala changa kuno ku Angónia amafika ali ndi mpeni kapena nkhwangwa m'mutu mwake, ndipo amafuna aisule tsiku lomwelo. Ine ndimamupatsa mvukuto. Sabata yoyamba yonse ntchito yake imakhala kupemerera moto, kuthira makala ndi kuyang'anitsitsa chitsulo pamene chikusintha mtundu. Wina anandifunsapo kuti, "Amisiri, kodi nyundo ndidzaigwira liti?" Ndinamuyankha kuti, "Mwana wanga, tsiku limene udzandiuze wekha kuti chitsulo chapsa, ine ndisanayankhule."

Chifukwa chake n'choti pachipala palibe chida choyezera kutentha. Maso ndiwo amayeza. Chitsulo chikalowa pamoto chimayamba kufiira moderako, kenako chimafiira ngati phwetekere wakupsa, chimadzakhala ngati lalanje, n'kufika pa chikasu. Nthawi yabwino yomenya ndi pakati pa lalanje ndi chikasu, pamene kutentha kuli pa madigiri Celsius 900 mpaka 1,100 kapena kupitirira pang'ono. Apo chimamvera nyundo ngati dongo lolimba. Chikayamba kuyera n'kumathetheka, ndiye kuti chapserera, ndipo mbali imeneyo ndi yodula n'kutaya. Ukapitiriza kumenya chitazizira mpaka kuda, umaika ming'alu yosaoneka imene idzaonekere m'manja mwa wogula. N'chifukwa chake chipala chimafuna denga ndi mthunzi. Padzuwa la mwezi wa October, makamaka kumunsi ku Tete ndi Moatize, chitsulo cha madigiri 800 chimaoneka ngati chakuda, ndipo ngakhale mmisiri wakale amanyengeka.

Luso limeneli ndi lakwathu kuyambira kale. António Gamitto, msilikali wa Chipwitikizi amene ananyamuka ku Tete mu 1831 paulendo wopita kwa mfumu Kazembe, analemba za Amaravi amene ankasungunula chitsulo kuchokera ku miyala ndi kusula makasu ogulitsa kutali. Ng'anjo zija zinazima. Ife lero timasula zitsulo zakutha, ndiye wophunzira ayenera kudziwa kuzisankha.

Zitsulo zimasiyana chifukwa cha kaboni, chinthu chomwecho chimene chili m'makala. Zitsulo zomangira nyumba, zija timati varão, zili ndi kaboni wochepa, kotero ndi zabwino kuphunzirira ndi kupangira mbedza, misomali ndi zokowera zitseko, koma mpeni wake suchedwa kubuntha. Mola ya galimoto, ija ya zitsulo zosanjikizana, ili ndi kaboni pafupifupi magawo 6 pa 1,000 alionse, ndipo ndi imene imatipatsa nkhwangwa, zikwanje ndi kasemasema. Ukaigunditsa pamakina onolera imatulutsa moto wa nthambi zambiri ngati nyenyezi, pomwe varão imatulutsa mizere italiitali yopanda nthambi zambiri. Chitsulo chimodzi chokha ndimaletseratu: chilichonse chokutidwa ndi zinki, monga mapaipi a madzi otuwa aja ndi malata. Utsi wake woyera umadwalitsa chifuwa ndi malungo usiku womwewo.

Za moto, ambiri timagwiritsa ntchito makala, ndipo a tsanya ochokera kuchigwa amakhalitsa. Malasha a ku Moatize amatentha kwambiri, koma ayenera kuyamba atha utsi wake wachikasu uja usanaikepo chitsulo.

Pamene pagona luso lonse, ndipo pamene ndimathera nthawi yambiri ndi ophunzira, ndi pa kulimbitsa. Nkhwangwa itatha kusulidwa imakhala idakali yofewa. Timatenthetsa kukamwa kwake mpaka kufiire, n'kuyesa ndi maginito. Pa madigiri 770 maginito amaleka kugwira chitsulo. Timawonjezera moto pang'ono pokha, kenako timaviika msanga m'mafuta. Mola ukaiviika m'madzi ozizira nthawi zambiri imalira kuti "thi!" ndipo ikatero ndiye kuti yang'aluka, ntchito ya tsiku lonse yapita. Mafuta amazizitsa mofatsako. Amayaka nthawi zina, choncho chivundikiro chachitsulo chizikhala pafupi.

Ikatuluka m'mafuta, tupa ikamadutsa pamwamba imangoterera osaluma. Wophunzira amasangalala pamenepa, koma nkhwangwa yotero ili ngati galasi: ikakumana ndi mfundo ya mtengo imabenthuka. Nkhwangwa zambiri zimene anthu amabwera nazo kwa ine zitabenthuka, atagula pamsika, zinathera pomwepa. Wozisula anathamangira kukagulitsa.

Chotsatira ndi kuibweza pang'ono, ndiko kuchepetsako kulimba kwake kuti isabenthuke. Timapala kukamwa kwake ndi mwala mpaka kuwale, kenako timatenthetsa pang'onopang'ono kuchokera kumbuyo, kutali ndi kukamwa. Pachitsulo chowalacho pamayamba kuyenda mitundu ina, yosiyana ndi ya kufiira ija. Umayamba mtundu wa udzu wouma, pa madigiri pafupifupi 230. Kenako umabwera wodera ngati khofi, n'kudza wa biringanya pa madigiri 270 mpaka 280, pomaliza wabuluu chapafupi ndi 300. Mpeni umafuna wa udzu wouma. Nkhwangwa, popeza imamenya, imafuna pakati pa khofi ndi biringanya. Mtundu wofunikawo ukangofika kukamwa, umaviika kuti uime pomwepo. Mitunduyi imathamanga, ndipo ukatembenuka kuti uyankhe moni wa munthu wodutsa, upeza buluu wafika kale. Makanema a pa YouTube ndimawayamikira, anyamata ena amabwera akudziwa kale mayina a zinthu, koma kamera imasintha mitundu, ndipo siingakugwire dzanja kuti "tsopano!"

Ngati mukufuna kutumiza mwana wanu kukaphunzira, kapena inuyo mukufuna kuyamba, kaonereni kaye tsiku limodzi. Onani ngati ophunzira akugwiradi nyundo, kapena angosanduka otunga madzi mwezi ndi mwezi. Pachitsulo chosulirapo chimodzi, anthu awiri kapena atatu ndi okwana. Funsani chimene adzayambe kupanga. Ine ndimayambitsa kusongola nsonga ya msomali, kenako mbedza, kenako mbaniro zimene wophunzira adzagwiritse ntchito yekha. Valani zathonje ndi nsapato zotseka, chifukwa nayiloni imasungunukira pakhungu, ndipo magalasi oteteza maso asachoke kumaso. Chitsulo chilichonse chili pansi muchiyese chamoto, pakuti chakuda chimawotcha kuposa chofiira chifukwa munthu amachitola mosaopa. Atsikana nawonso abwere. Nyundo ya kilogalamu imodzi imakwanira ntchito zambiri, ndipo chofunika ndi kulunjika.

Ntchito ilipo. Alimi a kachewere ndi chimanga ku Tsangano, Dómuè ndi Ulónguè amafuna makasu, mapulawo awo amatha mano, ngolo zimathyoka zitsulo nyengo yokolola ili pakati. Khasu la kusitolo likang'ambika pakhosi, limabwera kwa ife.

Nkhwangwa yoyamba ya wophunzira sindilola kuti ipite kumsika isanayesedwe. Amaika mpini yekha, n'kupita nayo pachipika chouma chili kuseri kwa chipala, n'kudula mpaka thukuta. Kenako timayang'ana kukamwa tonse awiri. Kukabenthuka, ndiye kuti anaviika mtundu usanafike, ndipo amainola n'kuibwezanso pamoto wofatsa. Kukapindika, ndiye kuti buluu anamupitirira, ndipo amatenganso maginito n'kuyambiranso kulimbitsa.